Musanagule Subaru yakale, gwadani muone matayala

Pagalaja masiku ano sipadutsa mlungu osabwera munthu ndi chithunzi pafoni, n'kundifunsa kuti, "Amakaniko, ndapeza Subaru Legacy yotchipa kuposa Fielder, kodi ndigule?" Wina amabwera ndi Outback, wina Toyota Caldina ya 4WD, wina Nissan Wingroad ya 4WD. Zonsezi ndi galimoto zazitali kumbuyo, zimene mumapinda mipando n'kulongamo matumba a chimanga, ndipo mphamvu ya injini imafika kumatayala onse anayi. Anzanga ambiri pantchito yathuyi amangoti "musayerekeze, n'zovuta zimenezo." Ine ndimati gulani, bola mudziwe chimene chimachitika kunsi kwake, chifukwa zambiri zimene zimafera m'magalaja mwathu zimaphedwa ndi eni ake mosadziwa.

Galimoto wamba imakoka ndi matayala awiri, ena awiriwo amangotsatira. Mu Subaru, kuchokera pagiyabokosi pamatuluka shafuti yaitali yopita kudifu yakumbuyo, ndipo pakati pali kachigawo kamene kamagawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. M'galimoto za manuwelo kachigawoka ndi difu yapakati yokhala ndi timbale tosambira m'mafuta olimba ngati phala. M'za otomatiki zakale ndi makilatchi amene kompyuta imawafinya kapena kuwamasula. Ntchito yake ndi imodzi: kakaona kuti matayala akutsogolo akuzungulira mofulumira kuposa akumbuyo, kamadziwa kuti galimoto ikuterereka, ndipo kamamanga mbali ziwirizo pamodzi. Pamatope zimenezi ndi zimene zimakutulutsani.

Vuto n'lakuti kachigawoka kalibe maso. Sikatha kusiyanitsa tayala limene likuterereka m'matope ndi tayala limene langochepa msinkhu chifukwa chakutha. Tayala la galimoto ngati imeneyi limayenda pafupifupi mamita 2 likazungulira kamodzi, ndiye kuti pa kilomita imodzi limazungulira maulendo 500. Mano a tayala latsopano amakhala akuya pafupifupi mamilimita 8. Mukaika latsopano pamodzi ndi lina limene mano ake atha ndi mamilimita 4, lakuthalo limayenera kuzungulira maulendo 6 owonjezera pa kilomita iliyonse kuti lifanane ndi linzake. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre, kusiyanako kumayandikira maulendo 2,000, ndipo konseko kumathera m'madifu ndi m'kachigawo kapakati kaja, pa msewu wouma umene sulola tayala kuterereka. Zili ngati kumanga ng'ombe yaitali ndi yaifupi pagoli limodzi: ngolo iyenda ndithu, koma goli ndi limene limamva kuwawa. Mafuta aja amapsa, makilatchi amadyeka, tsiku lina galimoto imayamba kunjenjemera pokhota.

Tsono onani mmene timagulira matayala kwathu kuno. Likaphulika limodzi, timapita pakaunjika n'kusankha limodzi looneka bwino, la kampani ina, nthawi zina ngakhale nambala yake yosiyana. Pa Corolla wamba mukhoza kupulumuka nazo. Pa Subaru, matayala onse anayi ayenera kukhala a saizi imodzi, a mtundu umodzi, otha mofanana, ndiponso a mpweya woyenera. Kasipeya kakang'ono kaja n'kongokufikitsani pamalo omatira matayala, si kopita nako ku Mzuzu. Amene sangakwanitse kugula matayala anayi nthawi imodzi, galimoto imeneyi si yake, ndipo ndimawauza anthu zimenezi pamaso, ngakhale ena amachoka atakwiya.

N'chifukwa chake pokaona galimoto yogula, ine sindiyambira pa penti kapena pa wailesi. Ndimagwada n'kuwerenga matayala onse anayi. Kenako ndimaitengera pabwalo la phula kapena la simenti, kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, n'kuzungulira pang'onopang'ono, kumanja kenako kumanzere. Yabwino imazungulira mosalala. Yodwala imadumphadumpha, imamveka ngati wina wagwira buleki, matayala akumbuyo n'kumakhula pansi. Pa za otomatiki zakale muonenso m'boneti: muli kabowo ka fyuzi kolembedwa FWD, ndipo mukaikamo fyuzi galimoto imasiya kukoka ndi kumbuyo. Opanga galimotoyi anakaika kuti kazithandiza mukamanga kasipeya, koma ogulitsa ena amakagwiritsa ntchito kubisa matenda. Ena amachita kuchotseratu shafuti yakumbuyo. Mukalowa m'dzenje la pagalaja n'kupeza pamene payenera kukhala shafuti pali mbee, dziwani kuti mukugula galimoto yokoka ndi matayala awiri pamtengo wa anayi.

Muli m'dzenje momwemo, yang'anani dzimbiri. Galimotozi sanazipangire matope athu. Subaru inayamba kugulitsa Leone ya 4WD mu 1972, pambuyo poti kampani yamagetsi ya ku Tohoku, kumpoto kwa Japan, inapempha galimoto yotha kuyenda m'misewu ya chipale chofewa. Mpaka lero ku Japan anthu ogula 4WD ambiri ndi a madera ozizira monga Hokkaido ndi Tohoku, kumene m'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu. Mcherewo umadya chitsulo kunsi. Galimoto ikhoza kutsika padoko la Dar es Salaam, kulowa pa Songwe ikunyezimira ngati yatsopano, koma mapaipi a mabuleki ndi zitsulo zogwira difu yakumbuyo zitafumbwa. Gogodani ndi sipana. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimayoyoka. Ngati pepala la kumsika wa ku Japan lilipo, chilembo R chimatanthauza kuti galimotoyo inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Za injini anthu amaziopa mopitirira. Injini ya Subaru ndi yogona, m'zambiri masilinda awiri kumanzere, awiri kumanja, choncho ili ndi mahedi awiri ndi magasiketi awiri. Amakaniko ena akangoona kuti mapulagi ali m'mbali, manja sakulowa bwino, amayamba kuitukwana, koma ndi injini yosavuta kuimvetsa. Ya EJ25, ya malita 2.5, ndi imene inatchuka ndi kuwotcha gasiketi, ndipo EJ20 yopanda tebo savutitsa kwenikweni. Zizindikiro zake n'zoonekeratu: fungo la oyilo wopserera mukaima, kunyowa kunsi kwa hedi, thovu m'kabotolo ka madzi a radiyeta injini ikatentha. Madzi a pamjigo m'radiyeta ayi, injiniyi ndi ya aluminiyamu, imafuna kulanti. Ikawira kamodzi n'kupitiriza ulendo, hedi imapindika.

Injini za EJ zimayendera lamba wa taimingi, amene amasinthidwa pa makilomita 100,000. Akaduka muli paulendo, pa zambiri mwa injinizi mavalavu amagundana ndi mapisitoni, ndipo ndalama yake imaposa ya lamba kutalitali. Ku Japan amakonda kumata kapepala m'boneti kosonyeza makilomita amene anasinthira. Ngati palibe, sinthani galimoto ikangofika, pamodzi ndi pampu ya madzi ndi timawilo toyendetsa lambayo, chifukwa nthawi zambiri kamayamba kufa ndi kawilo. Za masilinda 6 ndi injini za FB zimene zinabwera kuyambira 2010 zili ndi tcheni, nkhani ya lamba sizikhudzidwa nayo.

Pa sevisi, imani pomwepo muone. M'za otomatiki, difu yakutsogolo ili m'chikhokho chimodzi ndi giyabokosi koma ili ndi oyilo wakewake, wolemera wa magiya, pamene giyabokosi imamwa ATF. Ndalandirapo galimoto imene mnyamata wapagalaja ina anakhutula mafuta a giyabokosi poyesa kuti ndi a injini, n'kuthira oyilo watsopano pamwamba pa wakale. Legacy za kuyambira 2009 zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT, imene imafuna mafuta akeake, osati aliwonse ofiira a m'botolo. Ndipo ikafa panjira, musalole bulekidauni yonyamula matayala awiri ena awiri akugudubuzika pansi. Ikwere yonse palole.

Ponena za kumene ingafike, tisanamizane. Legacy wamba inatalikira pansi pafupifupi masentimita 15 basi, Outback pafupifupi 20, ndipo zambiri zochokera ku Japan zilibe giya yamphamvu yokwerera mapiri imene ili mu Land Cruiser kapena Hilux. Pamsewu woterera wa kumudzi m'dzinja, pamchenga wa kunyanja, pokwera phiri la Zomba mvula ikugwa, imagwira pansi mosangalatsa. Pamsewu umene mathirakitala akumba mikwasa yakuya, imakhala pamimba matayala onse anayi n'kumazungulira m'malere. Petulo imamwa woposa Fielder, ndipo ya tebo, ija anyamata amaikonda chifukwa cha kulira kwake, imamwa kwambiri komanso siikhululuka mukachedwetsa oyilo. Musaiwalenso kuti msonkho wa MRA umakwera galimoto ikakhala yakale ndiponso injini ikakhala yaikulu, choncho mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Masipeya ake amapezeka, koma osati pa shopu iliyonse ngati a Toyota, ndipo ena mumadikira kuti achokere ku Johannesburg kapena ku Dubai.

Kwa munthu amene amangozungulira m'tauni, kuchoka ku Area 25 kupita kuntchito n'kubwerera, ndimamuuza kuti agule yokoka ndi matayala awiri, asadzisenzetse difu ndi shafuti zimene sadzazigwiritsa ntchito. Kwa mlimi, mphunzitsi wa kumudzi kapena aliyense amene msewu wake umasanduka phala kuyambira Disembala mpaka Malichi, Outback kapena Legacy ya injini yopanda tebo ndi galimoto yabwino pamtengo wake. Popita kukaiona mutengane ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo pa ndalama zimene mwakonza mupatuliretu za matayala anayi ndi lamba wa taimingi musanayambe kunenerera mtengo.