Kubweza mkaka kwa makanda: pamene kholo liyenera kudekha ndi pamene liyenera kuthamangira ku cipatala

Makanda osacepera 4 mwa makanda 10 aliwonse amabweza mkaka akatha kuyamwa, ndipo ambiri mwa iwo sakhala akudwala. Izi zili m'malangizo amene bungwe la NICE, lomwe limalangiza madotolo m'dziko la Britain, linatulutsa m'caka ca 2015 ndi kuwaunikanso mu 2019. Bungweli likuti kubwezako kumayamba khanda lisanakwanitse masabata 8, ndipo mwa makanda 10 amene amabweza, 9 amaleka okha asanafike caka cimodzi.

Ngakhale zili tero, mayi amene akucapa zitenje zonunkha mkaka kangapo pa tsiku savutika kupeza omulangiza. Ena amamuuza kuti mkaka wake ndi wamadzimadzi, ena amati mwana ayambe phala, enanso amam'tumiza ku sitolo kukagula mankhwala. Kawirikawiri ngozi yeniyeni imakhala m'malangizo otere koposa m'kubwezako. Komanso alipo makanda owerengeka amene kusanza kwao ndi cizindikiro ca matenda ofunika dotolo tsiku lomwelo, ndipo makolo ayenera kudziwa kuwasiyanitsa.

Cimene cimacitika m'thupi la khanda

Pamene njira ya cakudya yocokera kummero ikumana ndi cifu pali mnofu wozungulira wonga mphete. Nchito yake ndi kutseguka kuti cakudya cilowe ndi kutsekanso kuti cisabwerere. Mwa khanda mnofu umenewu umamasuka kawirikawiri ngakhale pamene mwana sakumeza ciliconse, ndipo mkaka wosakanikirana ndi asidi wa m'cifu umakwera m'mwamba. Madotolo amachula zimenezi pa Cingerezi kuti reflux. Munthu wamkulu zikamucitikira amati ali ndi cilungulira.

Pali zifukwa zina zimene zimaonjezera. Njira ya cakudya ya khanda ndi yaifupi, cakudya cake ndi camadzi cokhacokha, ndipo nthawi yambiri limakhala cogona. Kuonjezera apo limamwa kwambiri poyerekeza ndi thupi lake: pafupifupi mamililita 150 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake pa tsiku. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 atati amwe mwa muyeso womwewo, angamwe malita 9 tsiku lililonse, uku atagona cagada. N'zosadabwitsa kuti wina umabwerera.

Kubweza kumafika pacimake mwana ali ndi miyezi pafupifupi 4, ndipo kumayamba kucepa pa miyezi 6 kapena 7 pamene ayamba kukhala pansi ndi kudya zakudya zolimbirako. Ana obadwa masiku asanakwane ndiponso ana amene ali ndi vuto la mu ubongo lofooketsa ziwalo amavutika nako kwambiri ndipo kumatenga nthawi kuti kuwathere.

Mkaka wobwezedwa umaoneka wambiri kuposa mmene ulili. Mayi amene akukayika angathire supuni imodzi yaikulu ya madzi pa citenje couma n'kuona kukula kwa pamene panyowa. Nthawi zambiri adzapeza kuti cimene amaganiza kuti ndi mkaka wonse umene mwana anayamwa cinali masupuni awiri cabe.

Sikelo ndiyo imaweruza

Kubweza ndi kusanza n'zosiyana. Pobweza, mkaka umangoyenderera pakamwa, nthawi zina pamodzi ndi kugeya, ndipo mwana amapitiriza kusewera kapena kugona. Posanza, mimba imakankha mwamphamvu ndipo mwana amaoneka kuti wasautsika.

Umboni wodalirika kuposa wina uliwonse uli pa khadi la ku sikelo. Ngati mzere wa kulemera kwa mwana ukukwera mwezi ndi mwezi, mwana akuyamwa mwakhama, akunyowetsa matewera kosacepera ka 6 pa tsiku ndipo ndi wansangala, ndiye kuti mkaka wotsala m'mimba ukumukwanira. Mwana wotere safunika kupimidwa mwapadera kapena kupatsidwa mankhwala, ngakhale atabweza kangapo pa tsiku.

Kubweza kumasanduka matenda pamene asidi ayamba kupweteka njira ya cakudya kapena kulepheretsa mwana kukula. Mwana amayamba kuyamwa kenaka n'kulisiya bele akulira, amapinda msana cam'mbuyo, amakana kuyamwa, sikelo yake imaima kapena kutsika, mwinanso amatsokomola kosalekeza ndi kudwala cibayo mobwerezabwereza. Koma kulira pakokha si umboni wa asidi. Makanda ambiri athanzi amalira kwambiri m'miyezi itatu yoyamba, makamaka madzulo, ndipo kulirako kumacepa kokha. Palinso ana amene thupi lao siligwirizana ndi mkaka wa ng'ombe, umene ndiwo umapangira mkaka wambiri wa m'zitini. Iwowa amasanza, amatuluka zidzolo, amatsegula m'mimba kapena kuonetsa timagazi m'cimbudzi, ndipo thandizo lao ndi losiyana. Ndi wa zaumoyo yekha amene angasiyanitse zimenezi atamuona mwanayo.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Masanzi obiriwira, kapena acikasu copita ku kubiriwira, amasonyeza kuti mwina matumbo atsekeka kapena apotana. Zimenezi n'zofunika cipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, cifukwa matumbo opotana amatha kuonongeka m'maola ocepa. Cimodzimodzinso masanzi okhala ndi magazi kapena akuda ngati khofi, mimba yotupa ndi yolimba, ndiponso magazi m'cimbudzi.

Pali vuto lina limene limaoneka mwana ali ndi masabata apakati pa 2 ndi 8, makamaka mwa ana aamuna. Mnofu wa potulukira cakudya kucokera m'cifu kupita m'matumbo umakhuthala mpaka kutseka njira. Mwana amasanza mwamphamvu moti masanzi amakagwera patali, ndipo akangotha kusanza amafunanso bele ndi njala yaikulu. Tsiku ndi tsiku kusanzako kumakula ndipo mwana amaonda. Vutoli, lochedwa pyloric stenosis, silitha ndi mankhwala akumwa koma ndi opaleshoni yaing'ono imene imacitika m'zipatala zikuluzikulu monga University Teaching Hospital mu Lusaka, ndipo mwana akathandizidwa msanga amacira bwinobwino.

M'ndondomeko imene anamwino a m'makiliniki amatsata poona ana odwala, mwana wosanza ciliconse cimene wamwa, wolephera kuyamwa, wokomoka, kapena wofooka moti n'kovuta kum'dzutsa amawerengedwa kuti ali pangozi ndipo amatumizidwa ku cipatala mwamsanga. Kutentha thupi kwa khanda losakwana miyezi 3 nakonso sikudikira mawa. Liwombo limanenanso zambiri: likalowa m'kati ndiye kuti madzi acepa m'thupi, ndipo likatukumuka pangakhale matenda oumitsa khosi kapena vuto lina la m'mutu. Kumata mankhwala pa liwombo sikubwezera madzi m'thupi, kumangocedwetsa ulendo wa ku cipatala.

Kusanza kumene kwayamba koyamba mwana atapitirira miyezi 6 sikuyeneranso kutengedwa ngati kubweza wamba. Malungo, matenda a m'cikhodzodzo ndi matenda ena amayamba motero.

Zimene zingacitike pakhomo

Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kubweza si cifukwa comusiyitsira bele, ndipo palibe mayi amene mkaka wake ndi wamadzi moti sungakhazikike m'mimba. Cothandiza ndi kupempha namwino kuti aone mmene mwana akugwirira bele, popeza mwana wogwira nsonga yokha amameza mpweya wambiri, ndipo mpweyawo potuluka umakankha mkaka. Kuyamwitsa pafupipafupi, mwana asanalire ndi njala yoopsa, kumacititsa kuti asamwe mothamanga. Akatha kuyamwa, am'nyamule coimirira pa phewa kwa mphindi 20 kapena 30 ndi kum'sisita pamsana kuti ageye. Nchito imeneyi atate angaigwire bwino lomwe pamene amayi akupuma.

Kubereka mwana ndi citenje kumam'khazika coimirira, koma kum'manga kolimba atangokhuta kumapanikiza mimba, monganso thewera lothina. Kum'ponya m'mwamba kapena kum'vinitsa pa maondo kudikire kaye. Utsi wa fodya umaonjezera vutoli ndipo umaika khanda pangozi zina zambiri, cotero wosuta asasutire m'nyumba kapena pafupi ndi mwana.

Kwa mwana womwa mkaka wa m'citini, cinthu coyamba kuona ndi kuculuka kwa mkaka. Ambiri amapatsidwa wopitirira muyeso cifukwa kulira kulikonse kumatengedwa ngati njala. Kum'patsa wocepa koma kawirikawiri, osacepetsa muyeso wa tsiku lonse woyenera kulemera kwake, kumathandiza ambiri. Mkakawo usungunulidwe monga mmene zalembedwera pa citini. Kuonjezera ufa wa mkaka kuti ulimbe kumalemetsa impso za mwana, ndipo kuonjezera madzi kuti citini cikhalitse kumam'nyentcheretsa. Ulipo mkaka wopangidwa mokhuthalirako cifukwa ca vutoli, koma uyenera kuyambidwa ndi uphungu wa a zaumoyo.

Msampha waukulu m'makomo ambiri ndi phala. Kuyambira mu 2001 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organisation limalangiza kuti mwana ayamwe bele lokha kwa miyezi 6, popanda madzi, tiyi kapena phala, ndipo Unduna wa Zaumoyo m'dziko lino umaphunzitsa zomwezo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti ana 70 mwa ana 100 osakwana miyezi 6 m'Zambia anali kuyamwa bele lokha. Phala loyamba msanga limalanda malo a mkaka m'mimba yaing'ono, lilibe zakudya zofanana ndi za mkaka, ndipo limatsegulira njira matenda otsegula m'mimba. Kwa mayi amene ali ndi kacilombo ka HIV nkhaniyi ndi yaikulu koposa, cifukwa kusakaniza bele ndi zakudya zina m'miyezi yoyambayi kumaonjezera mpata woti mwana atenge kacilomboko. Mayi wotere apitirize kumwa ma ARV mosadumphitsa ndi kuyamwitsa bele lokha, ndipo asasinthe kadyetsedwe ka mwana asanakambirane ndi a ku kiliniki.

Kagonedwe

Makolo ambiri amaopa kuti mwana wogona cagada angatsamwe ndi mkaka, motero amam'goneka cafufumimba, cam'mbali, kapena kum'tsamiritsa pa pilo. Madotolo a ana amaletsa zonsezi. Khanda logona cagada limameza kapena kutsokomola mkaka wobwerera, ndipo pogona motero njira ya mpweya imakhala pamwamba pa njira ya cakudya. Kugona cafufumimba ndiko kumaonjezera ngozi yoti khanda limwalire mwadzidzidzi kutulo. Mwana wobweza agonekedwe cagada pa malo osalala, olimba ndi osapendekeka, m'kati mwa neti yoteteza ku udzudzu, popanda mapilo ndi zofunda zolemera pafupi ndi nkhope.

Dziko la America linaphunzira zimenezi mowawa. Mu April 2019 kampani ya Fisher-Price inaitanitsa timabedi topendekeka tokwana pafupifupi 4.7 miliyoni tochedwa Rock 'n Play pambuyo pa malipoti akuti makanda oposa 30 anafera m'menemo, ndipo mu 2022 dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa timabedi totere. Kholo likapeza kabedi kopendekeka pakati pa katundu wakale wocokera kunja, lisakagule kuti mwana azigonamo.

Za mankhwala

Madzi ochedwa gripe water ndi odziwika m'masitolo ambiri, koma palibe umboni wosonyeza kuti amathetsa kubweza, ndipo kumwetsa khanda madziwa kumaphwanya kale lamulo la bele lokha. Soda wophikira, mankhwala a cilungulira a akuluakulu ndi zitsamba zosadziwika muyeso wake zikhoza kuvulaza khanda. Uci nawo suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana caka.

Ngakhale mankhwala a ku cipatala ali ndi malire. Mankhwala ocepetsa asidi monga omeprazole saletsa mkaka kukwera, amangocepetsa ukali wake. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2009, makanda 162 olira kwambiri poyamwa anagawidwa pawiri: ena analandira lansoprazole, ena mankhwala ongoyerekezera. M'magulu onse awiri ana 54 mwa 100 anapezako bwino, kusonyeza kuti mankhwalawo sanapose kupita kwa nthawi, pamene matenda a m'cifuwa anaoneka kwambiri mwa olandira mankhwala enieni. Asidi wa m'cifu ali ndi nchito yopha tizilombo, ndipo kum'cepetsa popanda cifukwa kumatsegula khomo la matenda. N'cifukwa cake malangizo a NICE amati mankhwalawa asaperekedwe cifukwa ca kubweza kokha, koma ayesedwe kwa masabata 4 mwa mwana amene akukana kuyamwa, akusautsika kwambiri kapena sakukula, kenaka dotolo aonenso.

Pali mankhwala ena a ufa ochedwa alginate amene amakhuthalitsa mkaka m'cifu. Amayesedwa kwa sabata imodzi kapena awiri, ndipo amasiyidwa ngati palibe kusintha. Saperekedwa pamodzi ndi mkaka wokhuthala kale kapena kwa mwana wotsegula m'mimba. Mankhwala a ranitidine, amene kwa zaka zambiri anali kuperekedwa kwa makanda, anacotsedwa pa msika ku America ndi ku Ulaya mu 2020 atapezeka ndi cinthu cochedwa NDMA cimene cikuganiziridwa kuti cingayambitse khansa. Botolo lakale la mankhwalawa likapezeka m'nyumba lisagwiritsidwenso nchito.

Kholo lopita ku kiliniki ndi mwana wobweza linyamule khadi la ku sikelo ndi mankhwala alionse amene mwana wapatsidwa, kuphatikizapo acikuda, ndipo likhale lokonzeka kufotokoza kuti mwana amabweza kangati pa tsiku, masanzi ndi a mtundu wanji, ndi kuti matewera akunyowa kangati. Mwana amene akubwezabe atakwanitsa caka cimodzi ayenera kukapimidwa, ngakhale sikelo yake ikukwera bwino.