Sadaka ya singano ndi ulusi ku Yofu

Mwezi wa Juni ukafika, mphepo ya mwera imayamba kuwindula nyanja, ndipo asodzi a pa chilumba cha Likoma amadziwa kuti pakhala masiku ena osalowa m'madzi. Ku Yofu, mudzi wa asodzi umene uli chakumpoto kwa chilumbachi, masiku oterewa abambo amakhala pamchenga n'kumasoka maukonde ong'ambika, uku mathandala oyanikapo usipa ali mbee. Usipa ukasowa, ndalama nayonso imasowa m'nyumba. Tsono ndi nyengo yomweyi pamene usiku umazizira kwambiri, ndipo mwana amene wabadwa kumene amafuna chipewa, masokosi ndi chofunda.

Ambiri mwa ife amene timakhala m'mbali mwa nyanja sitinafikepo pa mlingo wopereka zakaat. Mlingowo, umene umatchedwa nisaab, ndi chuma chofanana ndi magalamu 85 a golide chimene chakhala m'manja mwa munthu chaka chathunthu, ndipo pa chumacho amachotsapo magawo awiri ndi theka pa 100 aliwonse. Msodzi amene amadya za lero lomwe sakhala ndi chuma chotere. N'chifukwa chake ena mwa ife tinazolowera kuganiza kuti kupereka ndi ntchito ya eni masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndipo yathu ndi kulandira. Maganizo amenewa sagwirizana ndi mbiri ya chipembedzo chathu.

Mmodzi mwa akazi a Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye), mayi Zainab bint Jahsh, ankadziwika ndi ntchito ya manja. Ankafufuta zikopa ndi kuzisoka, ndipo zimene ankapeza ankazipereka kwa osauka. Tsiku lina Mtumiki anauza akazi ake kuti woyamba kumutsatira ku imfa adzakhala wa mkono wautali kuposa anzake. Iwo anayamba kuyezana mikono. Koma pamene Zainab anatsogola kumwalira, m'chaka cha 20 cha Hijra, anzake anazindikira kuti kutalika kwa mkono kunkatanthauza kupatsa. Nkhaniyi inasimbidwa ndi mayi Aisha ndipo ili m'buku la Hadith la Imam Muslim.

Imam Bukhari nayenso anasunga nkhani ya mayi wina amene anawomba chofunda ndi manja ake n'kukachipereka kwa Mtumiki. Iye anachilandira chifukwa ankachisowadi, ndipo anachivala. Munthu wina atachiona anachipempha, ndipo Mtumiki anamupatsa. Anzake atamudzudzula, munthuyo anafotokoza kuti ankafuna kuti nsaluyo idzakhale sanda yake, ndipo zinachitikadi motero. Dzina la mayi woluka uja silinatchulidwe m'nkhaniyo, koma ntchito ya manja ake ikukumbukiridwa mpaka lero.

Pa Likoma, nkhani ya zovala ili ndi kulemera kwake. Boma la Likoma, limene likuphatikiza chilumba cha Chizumulu, linali ndi anthu oposa 14,000 pa kalembera wa mu 2018, ndipo pafupifupi katundu yense wa m'sitolo amachita kuwoloka nyanja. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, ndiyo imabweretsa ufa, sopo, nsalu ndi mabelo a kaunjika kuchokera ku Nkhata Bay ndi madoko ena. Chinthu chikamafika m'manja mwa wogula chimakhala chitakwera kale mtengo, ndipo kugwa kwa ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunangowonjezera mtolo. Mayi woyembekezera amene akukonzekera ulendo wa ku chipatala cha St Peter's amafunika zitenje zingapo, beseni ndi zovala za mwana. Kwa banja limene bwato lake lakhala pamtunda sabata yonse, zimenezi si zapafupi.

Chipewa cha mwana tisachione ngati chokongoletsera. Khanda limataya kutentha kwambiri kudzera m'mutu, makamaka lobadwa masiku asanakwane. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa vutoli: ana pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse ankabadwa nthawi isanakwane. Njira ya kangaroo, imene inayamba ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, imafuna kuti mwana wotere agonekedwe pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudza khungu, atamangidwa ndi chitenje, kumutu atavala chipewa. Kachipewa kotere mayi wodziwa kuluka amakamaliza madzulo amodzi kapena awiri.

Luso lilipo kale pachilumbachi. Malo a ntchito zamanja a Katundu, amene anayamba mu 2006, asonyeza kuti nsalu zosokedwa ndi kukongoletsedwa ndi mikanda ndi amayi a pa Likoma zimagulidwa ngakhale ndi alendo ochokera kunja. Abambo nawonso sangakane kuti singano saidziwa, pakuti dzanja limene limasoka chilimira silingalephere kusoka chigamba pa yunifolomu ya mwana wamasiye. Mayi Aisha anasimba kuti Mtumiki ankasoka yekha chovala chake ndi kukonza nsapato zake.

Zipangizo nazonso sizifuna chuma chambiri. Juzi yakale ya pa kaunjika ikhoza kumasulidwa, ulusi wake n'kuchapidwa, ndipo mumatuluka zipewa zingapo ndi masokosi. Zidutswa za nsalu zimene telala amasesa madzulo zikalumikizidwa bwino zimasanduka chofunda. Amayi a dawa akamakumana, kapena atsikana akaweruka ku madrasa, ola limodzi pa sabata ndi lokwanira kuti wodziwa aphunzitse wosadziwa. Ndi nzeru kuyamba tafunsa anamwino kukula kwa zipewa zimene zimasowa, ndi kupewa mabatani kapena zingwe zimene zingavulaze khanda.

Komabe pali malire amene Qur'an yolemekezeka inatiikira, ndipo onse ali mu Surat Al-Baqarah. Ndime 267 imatiletsa kusankha zinthu zoipa, zimene ife eni sitingazilandire mokondwa, kuti ndizo tipereke. Choncho chipewa chosokonekera kapena chofunda chosachapa si mphatso; tiluke ngati tikulukira mdzukulu wathu. Ndime 264 imachenjeza kuti kukumbutsa munthu zimene tinamupatsa, kapena kumupweteka ndi mawu, kumawononga sadaka. Ndime 271 imaphunzitsa kuti kupereka mobisa kwa osauka n'kwabwino koposa. Pa chilumba pamene aliyense amadziwa mnzake, chiphunzitsochi n'chofunika kwambiri. Mayi amene wajambulidwa akulandira chitenje, chithunzi chake n'kuzungulira pa WhatsApp, amavala manyazi limodzi ndi chitenjecho. Ndi bwino kuti mphatso ipite ndi mayi wachikulire amene akukaona mwana m'chikuta, monga mwa mwambo wathu, kuti wongoona asasiyanitse thandizo ndi moni wamba.

Tikumbukirenso kuti Likoma ndi chilumba chimene anthu ambiri ndi a mpingo wa Anglican. Amishoni a UMCA anakhazikika kumeneko mu 1885, ndipo tchalitchi chachikulu cha St Peter's chinayamba kumangidwa mu 1903. Msilamu wa kumeneko amakoka ukonde umodzi ndi Mkhristu, ndipo akazi awo amagona m'chipinda chimodzi cha amayi oyembekezera. Zakaat ili ndi magulu ake asanu ndi atatu oyenera kulandira, koma sadaka yodzifunira ndi yotambasuka, ndipo ndime 8 ya Surat Al-Mumtahanah imatilola kuchitira zabwino ndi chilungamo anthu a zipembedzo zina amene tikukhala nawo mwamtendere. Khanda la mnansi likamanjenjemera, sitiyamba tafunsa kumene makolo ake amapemphera.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mwera wa chaka chamawa udzabwera pa nthawi yake, ndipo ana adzabadwa ku Yofu, ku Mbamba, ku Chizumulu, ngakhalenso ku Nkhotakota ndi ku Makanjira. Amene ali ndi singano ayambe lero kufunafuna ulusi, kuti Juni akamadzafika, insha Allah, zipewa zidzakhale zili kale m'dengu.