Letras kapena Ciências: ana a ku Mualadze ndi Zóbuè asankhe atadziwa kumene akupita

MOATIZE – Chaka ndi chaka ana a sukulu za sekondale m'boma la Moatize amafunsidwa funso lalifupi pa zenera la secretaria: Letras kapena Ciências? Mwana amayankha, kalaliki amalemba, ndipo wotsatira pa mzere amasendera. Kunyumba, ku Mualadze, ku Cateme kapena ku Zóbuè, makolo ambiri samva n'komwe kuti tsiku limenelo mwana wawo wasankha kanthu. Amadzamva patapita zaka, mwana atatsiriza kalasi 12, pamene zadziwika kuti udokotala umene ankaulakalaka umafuna Química, phunziro limene iye analisiya kale.

Pofika nthawi imeneyo mbuzi zagulitsidwa, chimanga chapita ku msika, ndalama zathera pa yunifolomu, makope ndi chapa. Mwana ali ndi satifiketi m'manja, koma satifiketiyo siikugwirizana ndi maphunziro amene akufuna. Bvuto limeneli lingapewedwe ngati banja likhala pansi mwana asanalembetse.

Magulu atatu

Kwa zaka zambiri mwana wa ku Mozambique ankasankha gulu akakhoza kalasi 10, polowa kalasi 11. Lamulo la maphunziro nambala 18/2018 linasintha kagawidwe ka makalasi: pulaimale ndi kalasi 1 mpaka 6, chigawo choyamba cha sekondale ndi kalasi 7 mpaka 9, ndipo chigawo chachiwiri ndi kalasi 10 mpaka 12. Kalasi 7 inasamukira ku sekondale mu 2023. Choncho kholo limene mwana wake akutsiriza kalasi 9 lisadikire, lipite kukafunsa kwa aphunzitsi akulu kuti mwanayo adzasankha liti ndiponso kuti pa sukulupo pali magulu ati.

Magulu amene ana amawadziwa ndi atatu. Loyamba ndi Letras, limene limatsamira pa História, Geografia ndi zinenero. Lachiwiri ndi Ciências com Biologia, la Biologia, Química ndi Física. Lachitatu ndi Ciências com Desenho, la ana ofuna za zomangamanga ndi kujambula mapulani. Pa ndondomeko imene yatsatidwa kwa zaka zambiri m'makalasi 11 ndi 12, Português, Inglês, Filosofia ndi Matemática ndi maphunziro a aliyense. Ndiye kuti mwana wothawira ku Letras chifukwa choopa masamu amakawapezanso komweko.

Ana ambiri sasankha poganizira ntchito. Wina amatsata mnzake amene amayenda naye ulendo wa kusukulu. Wina wamva kuti mphunzitsi wa Física ndi wouma mtima. Wina amalowa gulu limene lili ndi malo, popeza si sukulu iliyonse imene imatsegula magulu onse atatu. Palinso maganizo akuti Ciências ndi ya anyamata ndipo Letras ndi ya atsikana, maganizo amene alibe maziko m'lamulo lililonse la sukulu.

Kukhoza kalasi 12 si kulowa yunivesite

Chimene makolo ambiri a kumudzi sakuchidziwa ndi chakuti mayeso a kalasi 12 sapatsa mwana malo ku yunivesite ya Boma. Pali mayeso ena, otchedwa exames de admissão, amene amalembedwa padera. Pa sukulu, malikisi amawerengedwa kuyambira 0 mpaka 20, ndipo wopeza 10 wakhoza. Pa mayeso olowera yunivesite nkhani ndi ina: malo ndi owerengeka, ofuna ndi ambiri, ndipo amatengedwa amene aposa anzawo.

Ku Universidade Eduardo Mondlane ya ku Maputo, yunivesite yakale kwambiri m'dziko muno imene inayamba mu 1962, kosi iliyonse ili ndi maphunziro awiri amene munthu amayesedwa. Wofuna udokotala amalemba Biologia ndi Química. Wofuna uinjiniya wa misewu ndi milatho amalemba Matemática ndi Física. Wofuna za malamulo amalemba Português ndi História. Mwana amene sanaphunzire Química m'zaka zake zomaliza amapikisana ndi ana a ku Beira ndi ku Maputo amene akhala akuiphunzira mlungu uliwonse, ena mpaka kulipira aphunzitsi apadera.

N'chifukwa chake kusankha kwabwino kumayambira kumapeto. Funso loyamba ndi lakuti mwana akufuna kudzagwira ntchito yanji. Lachiwiri, ntchitoyo imaphunziridwa kuti. Lachitatu, sukulu imeneyo imayesa maphunziro ati. Mayankho atatuwa akapezeka, gulu limadziwika lokha. Zonsezi zimalembedwa mu chikalata chotchedwa edital, chimene yunivesite iliyonse imatulutsa chaka chilichonse. Mwana wa kalasi 9 kapena 10 angathe kuwerenga edital ya chaka chatha pa foni ya mphunzitsi kapena ya mbale wake, ndi kuona maphunziro amene kosi yake imafuna.

Kulakalaka kokha sikukwanira. Pauta ya zaka ziwiri zapitazi imanena zoona kuposa maloto. Mwana amene wakhala akupeza 8 kapena 9 pa Matemática ndi Física afunika kulankhula ndi mphunzitsi wake moona mtima asanalembetse Ciências, kuti adziwe ngati bvuto ndi kujomba, kusowa mabuku kapena kuti mphatso yake ili kwina. Yemwe amakhoza bwino Português ndi História sanalephere kanthu polowa Letras, pakuti makhoti, masukulu, maofesi a Boma ndi nyumba za wailesi zimafuna anthu otere.

Sukulu zapamwamba zili m'chigawo mommuno

Kale wofuna maphunziro apamwamba ankayenera kupita ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500. Lero chigawo cha Tete chili ndi sukulu zake. Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, imaphunzitsa uinjiniya wa migodi, kayeretsedwe ka miyala ya m'migodi, za makompyuta ndi zowerengera ndalama. Universidade Zambeze, imene likulu lake lili ku Beira, ili ndi nthambi ya zaumoyo mu mzinda wa Tete ndi nthambi ya zaulimi ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli Instituto Superior Politécnico de Songo ya uinjiniya wa magetsi ndi madzi. Universidade Púnguè, imene inabadwa mu 2019 pamene Universidade Pedagógica inagawidwa, ili ndi nthambi ku Tete yophunzitsa aphunzitsi a sekondale. Universidade Católica de Moçambique nayo ili ndi nthambi mu mzindawu, koma iyi si ya Boma ndipo malipiro ake ndi okwera.

Kwa anthu a ku Mualadze ndi Cateme nkhani ya migodi si yachilendo. Mabanja oposa 700 anasamutsidwira ku Cateme mu 2009 ndi 2010 kuti mgodi wa malasha wa kampani ya Vale utsegulidwe. A ku Mualadze anachokera ku Capanga, m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, kupatsa malo mgodi wa Benga. Ana obadwira m'midzi imeneyi akula akuona sitima za malasha zopita ku Beira ndi ku Nacala, ndipo ambiri amafuna kudzagwira ntchito ku mgodi. Ayenera kudziwa kuti uinjiniya wa migodi umayima pa Matemática, Física ndi Química. Mwana wa Letras angalembedwe ntchito ina pa kampani, koma uinjiniya sangaufike mosabvuta.

Ayeneranso kukumbukira kuti eni migodi amasinthasintha. Mgodi wa Benga unachoka kwa Riversdale kupita kwa Rio Tinto mu 2011, kenaka kwa ICVL ya ku India mu 2014. Vale inagulitsa mgodi wa Moatize kwa Vulcan mu 2022. Ntchito za malasha zimachuluka ndi kuchepa motsata mtengo wa malasha kunja. Chipatala, sukulu ndi munda zimafuna anthu chaka chilichonse.

Yunivesite si njira yokhayo. Mu tauni ya Moatize muli Instituto Médio de Geologia e Minas, sukulu ya luso imene imaphunzitsa amisiri a migodi ndi a miyala. Ku Tete kuli sukulu ya anamwino ndi ena ogwira ntchito m'zipatala, ndipo m'chigawo muno muli sukulu zophunzitsa aphunzitsi a pulaimale. Maphunziro amenewa ndi aafupi, ndipo wowatsiriza angathe kudzapitiriza ku yunivesite akugwira kale ntchito. Banja limene silingakwanitse kusunga mwana mu mzinda zaka zinayi kapena zisanu liganizire njira imeneyi popanda manyazi.

Mapepala ndi ndalama

Ana ena amalephera asanalowe n'komwe m'chipinda cha mayeso. Polembetsa pamafunika Bilhete de Identidade, ndipo kawirikawiri amafunsanso nambala ya msonkho yotchedwa NUIT. BI siituluka tsiku limodzi, ndipo kuti ipezeke pamafunika kalata ya kubadwa yochokera ku Registo Civil. Dzina lolembedwa pa BI liyenera kufanana ndi la pa mapepala a sukulu. Kumalire kuno bvuto limeneli ndi lodziwika, chifukwa mwana mmodzi angakhale ndi dzina lolembedwa m'Chipwitikizi kusukulu ndi lolembedwa m'Chichewa pa kalata ya ubatizo. Kukonza chilembo chimodzi kungatenge miyezi, choncho ndi bwino kuona zimenezi mwana asanafike kalasi 12.

Kulembetsa mayeso masiku ano kumachitika pa intaneti, ndipo ndalama imalipiridwa ku banki. Nthawi yake imagwa cha kumapeto kwa chaka, pamene banja lathira ndalama mu mbewu ndi feteleza ndipo nkhokwe yayamba kupepuka. Pa ndalama yolembetsera pamawonjezeka ya chapa yopita ku Tete, ulendo wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Zóbuè, ndiponso ya chakudya ndi pogona masiku a mayeso. Banja lanzeru limapatula ndalama imeneyi pa nthawi yokolola, mu June kapena July, pamene nyemba, mbatata ndi fodya zagulitsidwa.

Boma lili ndi ofesi yopereka thandizo la ndalama kwa ophunzira, yotchedwa Instituto de Bolsas de Estudo, ndipo mayunivesite ena ali ndi thandizo lawo. Thandizo limeneli limapita kwa amene apempha pa nthawi yake ndi mapepala okwanira. Munthu wolonjeza malo a ku yunivesite kapena bolsa posinthana ndi ndalama ya pambali ndi wakuba, ndipo mwana wogwidwa akubera mayeso amachotsedwa.

Ana ophunzira ku Malawi

Ku Zóbuè mabanja ambiri ali ndi abale ku Mwanza, ndipo ena anakhala ku Malawi nthawi ya nkhondo mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992. Mpaka lero pali ana amene amaphunzira tsidya lina la malire. Ku Malawi pulaimale ndi zaka 8, sekondale zaka 4, ndipo mayeso omaliza ndi a MSCE, olembedwa m'Chingerezi. Mwana wotere akafuna kulowa yunivesite ya ku Mozambique ayenera kupempha equivalência ku unduna wa zamaphunziro, kuti satifiketi yake ibvomerezedwe kuno. Mayeso olowera adzawalemba m'Chipwitikizi. Kholo lisankhe msanga dziko limene mwana adzatsirizire maphunziro, chifukwa kumudumphitsa malire pakati pa sekondale kumamutayitsa chaka kapena ziwiri.

Chipwitikizi ndi chofunika kwa onse, ngakhale a Ciências. Mwana wolankhula Chichewa kapena Chinyungwe kunyumba angathe kudziwa bwino Biologia koma n'kulakwa chifukwa sanamvetse funso. Mankhwala ake ndi kuwerenga tsiku ndi tsiku ndi kuyeseza mafunso a mayeso a zaka zapita, amene amapezeka pa intaneti ndiponso kwa ana amene analembapo.

Atsikana asatsalire

Pamene sekondale ili kutali, woyamba kusiyitsidwa sukulu amakhala mtsikana. Lamulo nambala 19/2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo limalanga makolo ndi akuluakulu ochita nawo zimenezi. Mu December 2018 unduna wa zamaphunziro unachotsanso lamulo la mu 2003 limene linkatumiza atsikana oyembekezera ku sukulu ya usiku. Mtsikana amene pauta yake ikuonetsa kuti amakhoza Química ndi Biologia apatsidwe mpata wolowa Ciências monga mlongo wake, ndipo ntchito za pakhomo zigawidwe kuti naye apeze nthawi yowerenga.

Zoyenera kuchita matrícula isanafike

Kholo silifunika kudziwa Chipwitikizi kuti lithandize mwana. Lingathe kumufunsa ntchito imene akufuna, kupita naye kwa director de turma, ndi kupempha kuti pauta imasuliridwe m'chinenero cha kwawo. Amalume kapena azakhali okhala ku Tete angafunse pa zipata za sukulu zapamwamba za mtengo wa chaka ndi malo ogona. Namwino wa pa chipatala cha pafupi, mlangizi wa zaulimi ndi mphunzitsi wa pulaimale onse anadutsa njira imeneyi, ndipo angafotokoze maphunziro amene analemba.

Bungwe la makolo la pa sukulu, conselho de escola, lili ndi mphamvu yopempha kuti pakhale msonkhano wa makolo ndi ana chaka chisanathe, wofotokoza magulu atatuwa ndi ntchito zimene gulu lililonse limatsegulira. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo angathandize kuitana anthu. Mwana akadzafika pa zenera la secretaria, akhale atalemba kale pa pepala zinthu zitatu: kosi imene akufuna, sukulu imene imaiphunzitsa, ndi maphunziro awiri amene adzayesedwe.