Pamene khungu likuulula khansa ya m'kati

Zambiri zotuluka pakhungu ndi chipere, mphere kapena zidzolo wamba, ndipo zimapola ndi mankhwala odzola. Koma zina gwero lake ndi chotupa chobisika m'thupi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti munthu amatha miyezi akusinthasintha mafuta odzola, chotupacho chikukula.

Maso achikasu

Kwa ife a khungu lakuda, chikasu chimaonekera msanga m'maso. Malungo amachititsanso chikasu, inde. Koma wachikulire akachita chikasu popanda kutentha thupi, mkodzo uli bii, chimbudzi chili mbuu, thupi likuyabwa usiku wonse, mwina chotupa cha m'kapamba kapena m'chiwindi chatseka njira ya ndulu. Ndulu ikalephera kutsikira m'matumbo imabwerera m'magazi. Wotereyu ajambulidwe m'mimba msanga, makamaka ngati anapezekapo ndi hepatitis B, kachirombo kamene kamayambitsa khansa ya chiwindi.

Madontho akuda m'miyendo ndi m'kamwa

Chizindikiro ichi ndiye chofala kwathu kuno. Khansa ya Kaposi, imene dokotala Moritz Kaposi anaifotokoza ku Vienna mu 1872, imayamba ngati madontho akuda kapena ofiirira, osapweteka. Kenako mwendo umatupa n'kuuma gwa. Imakonda anthu amene HIV yawafooketsa chitetezo, ngakhale ena opanda kachiromboka amadwalanso. Madontho akafika m'kamwa, madokotala amaopa kuti yalowanso m'mapapo kapena m'matumbo. Chithandizo chilipo: ma ARV, ndipo pena mankhwala a khansa.

Bere ndi mchombo

Khungu la bere likakhakhala n'kuchita timaenje ngati khoko la lalanje, kapena nsonga yake ikamafundula ndi kuchucha osapola, musadikire kuti mumve chotupa ndi dzanja. Kachotupa kolimba pamchombo nako si kopepuka: kawirikawiri kamasonyeza khansa ya m'mimba imene yafalikira. Madokotala amakatchula dzina la Sister Mary Joseph, sisitere wothandiza pa opaleshoni ku Rochester, Minnesota, amene anayamba kukazindikira.

Khosi ndi m'khwapa kuda

Khungu lokhuthala ndi lakuda m'malo amenewa nthawi zambiri limayendera limodzi ndi kunenepa ndi shuga. Chodetsa nkhawa ndi pamene latulukira mwadzidzidzi, likufalikira msanga, mwini wake akuwonda. Pamenepo dokotala amayamba wafufuza m'chifu.