Mikangano ya patenti pa njira yozindikira resolution ya monita

Mikangano imeneyi ndi milandu yokhudza ngati njira yothandiza monita kudziwa yokha kukula kwa chithunzi chochokera ku kompyuta ili luso latsopano, kapena ndi chinthu choti injiniya aliyense akanachiganizira. Resolution ndi chiwerengero cha timadontho ta chithunzi m'lifupi ndi m'litali, monga 640 ndi 480. Nkhaniyi ikufotokoza malamulo a ku United States.

Mmene monita imadziwira

Pa chingwe cha VGA, chomwe kampani ya IBM inatulutsa mu 1987, kompyuta simatumiza nambala ya resolution. Imatumiza mitundu itatu ndi zizindikiro ziwiri: china chosonyeza kuti mzere watha, china chosonyeza kuti chithunzi chonse chatha. Monita ikawerenga mizere pakati pa chithunzi ndi chinzake, imayerekeza ndi mndandanda umene inasungiratu. Mizere 525 imaloza ku 640 ndi 480, mizere 628 ku 800 ndi 600, pomwe 806 imaloza ku 1024 ndi 768. Mizere yowonjezerayo siioneka pa sikirini.

Vuto lili m'lifupi. Chithunzi cha 640 ndi 400 komanso cha 720 ndi 400 zonse zili ndi mizere 449 ndipo zimabwera pa liwiro lofanana. Mamonita akale a chubu analibe nazo kanthu, koma a LCD ali ndi timadontho tokhazikika, choncho akaphonya, zilembo zimaoneka zosokonekera. Apa ndi pomwe opanga zipangizo anapikisana kupeza njira zawo.

Zimene lamulo limanena

Ndime 103 ya lamulo la mapatenti la 1952 imakana patenti ngati chinthucho chinali chodziwikiratu kwa munthu wa luso wamba pa ntchitoyo. Mu 1966, pa mlandu wa Graham ndi John Deere, khoti lalikulu linati oweruza aziona zimene zinalipo kale, kusiyana kwake ndi chatsopanocho, komanso luso la anthu a ntchitoyo. Mu 2007, pa mlandu wa KSR ndi Teleflex, wokhudza chopondera moto cha galimoto, khotilo linawonjezera kuti kulumikiza zinthu zodziwika kale n'kupeza zotsatira zoyembekezeka nthawi zambiri sikuyenera patenti.

Wotsutsa patenti ya monita amanena kuti zizindikirozo zinalipo kale, kuwerenga ndi ntchito yakale ya zamagetsi, ndipo mamonita a NEC MultiSync ankalandira kale maliwiro osiyanasiyana m'zaka za m'ma 1980. Mwini patenti amayankha kuti chinthu chimaoneka chophweka munthu akaona kale yankho. Mfundo yakeyo imakhala yofooka ngati njira yake ikungowerenga mizere. Imalimba ngati yathetsa vuto la m'lifupi, mwachitsanzo poyeza pomwe chithunzi chayambira ndi pomwe chathera pa mzere uliwonse.

Patenti imakhala zaka 20 kuchokera tsiku lopempha, ndipo ikaima, ogwiritsa ntchito njirayo amalipira mwini wake. Kuyambira 2012, wotsutsa akhoza kudandaula ku bwalo la ofesi ya mapatenti, PTAB, m'malo modikira khoti.