Gusheshe ndi Anzake: Chimene Chimakweza Mtengo wa Galimoto Yakale

Amene muli ndi m'bale ku Joni muyenera kuti munamvapo dzina lakuti gusheshe. Ndi dzina limene anthu a m'makomboni a ku South Africa anapatsa BMW 325iS, galimoto ya makomo awiri imene inatuluka mu 1990. Kuiona pamsewu, ndi kagalimoto kamakona, kopanda zamakono zimene tazolowera m'magalimoto ochokera ku Japan. Komabe yosamalidwa bwino imagulidwa ndalama zambiri kuposa magalimoto ambiri atsopano. N'chifukwa chiyani munthu wanzeru zake angataye chuma pa galimoto ya zaka zoposa 30? Yankho lili m'mbiri ya momwe magalimoto amenewa anabadwira.

M'mipikisano ina ya liwiro muli lamulo lakuti kampani isabweretse galimoto yopangira mpikisano wokhawo. Iyenera kupanga angapo ofanana nayo n'kuwagulitsa kwa anthu wamba, kuti imene ikuthamanga pabwalo ikhale yoti munthu angathe kukaigula kusitolo. Makampani a ku South Africa ankafunitsitsa kupambana, koma kupanga magalimoto oterewa kunali kodula. Choncho ankapanga ochepa chabe, ongokwanira chiwerengero chimene lamulo linkafuna. Kusowa kwa magalimotowa lero kunayambira pamenepo.

Njira yawo inali yosavuta kuimva: kutenga galimoto yaing'ono, yopepuka, n'kuikamo injini ya galimoto yaikulu. Basil Green, katswiri wa ku Johannesburg, anatenga Ford Capri n'kuikamo injini ya masilinda 8 ya malita 5, ya mtundu wa Ford Mustang ya ku America. Galimotoyo anaitcha Capri Perana, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1970. Ntchito yake inali yaluso moti kampani ya Ford inavomera kuti izigulitsidwa m'masitolo ake. Mu 1973 kunatuluka Chevrolet Firenza Can-Am, ndipo anangopanga 100 basi. Mu 1984 Ford inachitanso chimodzimodzi ndi Sierra XR8, galimoto yooneka ngati ya banja koma yobisa injini ya masilinda 8, ndipo inapanga pafupifupi 250.

Nkhani ya BMW 333i ndi yosangalatsa kwambiri. Ku Germany kunali BMW M3 yoyamba, koma inkapangidwa ndi chiwongolero cha kumanzere, pamene ku South Africa, monganso kuno kwathu, chiwongolero chimakhala kumanja. Akatswiri a pa fakitale ya Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, anaganiza zopanga yawoyawo. Anatenga injini ya malita 3.2 ya BMW yaikulu ya 733i n'kuipanikiza m'kagalimoto kakang'ono. Pansi pa boneti panathina moti wogula ankayenera kusankha chimodzi: makina oziziritsa mpweya kapena makina ofewetsa chiwongolero. Zonse ziwiri sizikanakwana. Magalimotowa anangopangidwa oposa 200 pang'ono, ndipo sanapangidwe kwina kulikonse padziko lapansi.

Gusheshe inabwera pambuyo pake, ili ndi injini ya malita 2.7, kudzalimbana ndi Opel Kadett Superboss. Itachoka pabwalo la mpikisano inapeza moyo wina ku Soweto ndi m'makomboni ena, kumene achinyamata anayamba kuzungulitsa magalimoto a mtundu umenewu pamalo amodzi mpaka matayala kufuka utsi. Masewerawa anayamba ndi mbiri yoipa, chifukwa ankachitika pa maliro a zigawenga, koma lero ndi masewera ovomerezeka ochitikira m'mabwalo otetezedwa. Chifukwa cha kuthamangitsidwa kotereku, ngozi, kubedwa ndi dzimbiri, otsala ali bwinobwino ndi owerengeka.

Apa taona zinthu ziwiri zimene zimakweza mtengo: kuchepa kwake ndi mbiri yake. Chachitatu, chimene chimaposa zonse, ndi umboni wakuti galimotoyo ndi yeniyeni. BMW 325i wamba ndi 325iS zimafanana thupi. Munthu wochenjera angathe kugula wambayo, kuiveka mabampa, marimu ndi kachizindikiro ka kumbuyo, n'kuitcha gusheshe. Maso okha sangakuuzeni. Odziwa amayamba aona nambala ya chasisi ndi nambala ya injini, n'kuzifananitsa ndi zimene fakitale inalemba. Amafunsa mapepala: anaigula ndani poyamba, inakonzedwa kuti, inachitapo ngozi kapena ayi. Amagwada n'kusuzumira kunsi, chifukwa penti yonyezimira imatha kubisa dzimbiri ndi phula lomatira mabowo. Ena amayendetsa maginito pathupi la galimoto: pamene pali chitsulo amagwira, pamene pamatidwa phula lochindikala sagwira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Okonda magalimoto akale amawagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la osungidwa momwe anatulukira ku fakitale, penti ndi mipando zili zomwezo ngakhale zitasuluka. Amenewa ndiwo osowa kwambiri, pakuti penti ya ku fakitale ikachotsedwa sibwereranso. Gulu lachiwiri ndi la okonzedwanso: amaphwasulidwa mpaka kutsala chigoba, dzimbiri n'kudulidwa, chitsulo chatsopano n'kuwotchereredwa, ndipo chilichonse chimabwezedwa monga chinalili. Ntchitoyi imatha kutenga zaka. Gulu lachitatu ndi la osinthidwa mwadala, pamene mwini wake waikamo injini ina, mabuleki amakono kapena maonekedwe a kumtima kwake.

Ena amanyoza gulu lachitatuli, amati n'kuwononga. Koma tikumbukire kuti Capri Perana nayonso inayamba ngati galimoto yosinthidwa m'galaja. Kusintha pakokha si vuto. Choyenera kufunsa n'chakuti ntchitoyo yagwiridwa motani. Wowonjezera mphamvu ya injini osalimbitsa mabuleki wapanga msampha wa imfa. Mawaya olumikizidwa mwachisawawa amayatsa moto. Mmisiri weniweni amadziwika ndi malo amene anthu sayang'anako: kuwotcherera kosalala kunsi, mawaya omangidwa mwadongosolo, zitseko zotsekeka popanda kumenyetsa. Ndipo pogulitsa amanena poyera zimene wasintha. Kutcha galimoto dzina limene si lake pofuna kukweza mtengo ndi umboni wonama, ngakhale wogulayo asadzazindikire mpaka kalekale.

Ife ophunzira ambiri sitidzagula gusheshe, ndipo palibe chifukwa chodandaulira. M'Chichewa mawu akuti kusirira ali ndi mbali ziwiri. Pali kusirira koyamikira luso la mnzako, ndiye pali kusirira kofuna kuti chake chikhale chako, kumene lamulo lachikhumi limaletsa. Munthu angathe kuima pafupi ndi galimoto yokongola, kufunsa mafunso, kuphunzira momwe injini yake imagwirira ntchito, n'kubwerera kwawo pa minibasi mtima uli m'malo. Winanso angathe kulowa m'ngongole, ana kusowa fizi, chifukwa chofuna kuti anthu azimucheukira pamsewu. Galimoto ndi yomweyo, koma mitima ndi yosiyana.

Phunziro lina ndi la kusamala zimene tapatsidwa. Galimoto iliyonse yakale imene ikuyendabe ili ndi anthu amene anasintha oilo pa nthawi yake, anaisunga pamthunzi, ndipo anasunga malisiti kwa zaka zambiri. Kuno kwathu, kuseri kwa magalaja, pa mamishoni ndi m'maesiteti, mukhoza kupeza Land Rover kapena Peugeot yakale itakhala pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Si onse amene ali a mtengo wapatali, ndipo ena anawonongeka moti sangadzukenso. Koma musanaitane ogula zitsulo zakutha kuti adzaiyeze pa sikelo, lembani nambala ya chasisi, jambulani zithunzi, funsani achikulire za mbiri yake, ndipo muitane makaniko wodziwa za magalimoto akale adzaione. Ikakaphwanyidwa ndi nyundo, palibe amene angaibwezenso.