Dzina la von Lettow-Vorbeck ndi Maina a ku Chitipa

M'mwezi wa November 1918 mkulu wankhondo wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anathira nkhondo linga la Fife, kumadzulo kwa Chitipa, boma lija kale linkatchedwa Fort Hill. Pa 25 November anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala. Nkhondoyo ndiyo inabukitsa dzina lake, pakuti ngakhale kwawo ndi losowa: mwini wake ndi banja limodzi lokha lolemekezeka la ku Pomerania.

Tsono tiligawe. Liwu lakuti von litanthauza "wochokera ku", ndipo linali chizindikiro cha mabanja omveka. M'chinenero cha kumpoto kwa Germany, vor ndiye kuti "patsogolo pa", pamene Beck ndi kamtsinje.

Maina a Alambya nawonso ali ndi timawu totsogolera: mwamuna ndi Silungwe, mlongo wake ndi Nalungwe. Mphunzitsi amene adula Na- m'kaundula, kapena kulemba mtsikana ndi Si-, waononga dzina limene mwanayo adzalemba nalo mayeso. Chotero musanalembe dzina lachilendo, yambani mwafunsa makolo, ndipo mulilembe lathunthu.